Namlongoti Sadula Waya Asanaone

Dzina loti Namlongoti anam'patsa ndi anzake a kuntchito, ndipo musaganize kuti ankamuyamikira. Inali sabata yake yoyamba. Anapita gulu kukayendera mlongoti wa wailesi ina, ndipo atafika pansi pake amuna onse anaponya maso kumwamba n'kuyamba kukumbuka matenda: uyu bondo, uyo msana, wina akuti wadzuka ndi chizungulire. Iye anamanga lamba m'chiuno, kulavulira m'manja, n'kuyamba kukwera. Potsika anapeza dzina likumudikira pansi. Analitola n'kulivala, ndipo lero ndi ochepa amene akukumbukira limene mayi ake anam'patsa.

Ntchito yake ndi yovuta kufotokozera achibale. Mlengalenga umu, momwe inu ndi ine timangoonamo mitambo ndi akhwangwala, muli misewu yosaoneka, ndipo aliyense anapatsidwa wake: a nyumba zoulutsa mawu, a mafoni, a ndege, a ambulansi. Wina akaphonya n'kulowa mumsewu wa mnzake, mawu amadukaduka, anthu amadandaula, ndipo ofesi yoyang'anira mafunde a wailesi imatuma munthu kukasaka wolakwayo. Akapezeka, amamudulira waya wopita kumlongoti n'kumata chidindo pamakina ake. Wotumidwayo nthawi zambiri ankakhala Namlongoti, ndi pulayazi yake ya zogwirira zofiira.

Choncho sanali munthu wokondedwa. Galimoto ya ofesi, yokhala ndi zitsulo padenga ngati choyanikapo zovala, ikangokhota pakona anthu ankazimitsa ndi zinthu zimene iye sanabwerere n'komwe. Koma kafunseni onse amene anawadulirapo waya, palibe anganene kuti anamunamizira. Namlongoti anali ndi lamulo lake limodzi, limene simungalipeze m'malamulo a ofesi: sankadula asanaone. Ankafuna aone ndi maso ake pasikirini mafunde olakwawo akulowa mumsewu wa eni, awatsate mpaka pakhomo pamene akuchokera, azimitse chinthucho aone kuti atha, ayatsenso aone kuti abwerera. Akatero ndiye ankadula, ndipo ukalira ankakusiya ulire.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anaseka atamuona akubwera ndi pulayazi. Anali mmisiri woika maeriyo a TV, ndipo anakumana padenga la sitolo ina, Namlongoti akufufuza, mmisiriyo akumanga waya. Ankamanga ndi malegeni odula ku chubu cha njinga, ati tepi ya m'sitolo imamatuka ikangolawa dzuwa. Namlongoti anati umenewo ndi umbuli. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mkanganowo unakathera muukwati. Anakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya bambo a mwamunayo, nabereka mwana wamkazi. Kenako matenda anabwera n'kumutenga mwamunayo asanamere ndi imvi imodzi yomwe.

Apongozi akewo sanamuthamangitse, koma kumukonda sanamukondenso. Mkazi wovala thalauza, wokwera madenga a anthu tsiku lonse, kwa iwo chinali chinthu chongopirira chifukwa cha mdzukulu. Moni wake ankamuyankha maso ali pa TV. TV imeneyo ndiye unali moyo wawo wonse chimwalirire mwana wawo, ndipo pamwamba pa nyumbapo panali eriyo imene malemuyo anaika, ntchito yake yomaliza asanadwale. Mlendo aliyense ankayamba wamutulutsa panja kumuonetsa eriyoyo asanam'patse mpando. Akalipentala atabwera kudzakhoma malata, nkhalambayo inaima pabwalo ndi ndodo tsiku lonse kuwauza kuti asaiyandikire.

Nkhani imene ndikufuna kunena inayamba ndi dandaulo la a ambulansi. Mayi wolandira mauthenga kumeneko anati wailesi zawo zayamba misala. Akulankhula ndi dalaivala bwinobwino, mawu ankangoduka, kumveka phokoso ngati mafuta pamoto, kenako n'kubwerera. Kanthawi kochepa zedi, koma kokwanira kumeza dzina la msewu kapena nambala ya nyumba. Tsiku lina ambulansi inazungulira dera lolakwika mayi wodwala akudikira pakhonde, ndipo anafika naye kuchipatala moyo uli pakhosi. Akuluakulu a zaumoyo anakalipa, ndipo ukali umenewo unatsika makwerero onse mpaka kudzagwera patebulo la bwana wa Namlongoti.

Bwanayo ankatchedwa Achidindo, poti chidindo chawo ankayenda nacho m'thumba la jekete ngakhale popita kukadya. Sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha, ndipo pa ntchito ya boma wamantha amavulaza anthu kuposa woipa. Anatuma anyamata awiri ndi makina akale. Anyamatawo anaima pafupi ndi kumene ambulansi zimagona, nayang'ana pasikirini, ndipo chimene anaona chinali chimodzi: mafunde amphamvu a kawailesi ka bambo wina wotchedwa Aphunzitsi, kamene mlongoti wake unali kutsidya kwa msewu. Phokoso lenilenilo sanalione. Koma ofesi inkafuna dzina, ndipo dzina linali litapezeka. Achidindo analamula kuti wailesiyo itsekedwe Lachisanu, ndipo wotseka akhale Namlongoti.

Iye anapitako kaye yekha. Kawailesiko kanali m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya penti. Makoma anawamata mathireyi a mazira kuti mawu asamabwerere, pakona panali fani yogwedeza mutu, ndipo makina oulutsira anawakhazika pa shelefu atawayalira kansalu. Mwini wake anali mphunzitsi wopuma pantchito, wamtali, wovala tayi ngakhale kutenthe bwanji. M'mawa ankaphunzitsa masamu ana osapita kusukulu, masana ankalengeza za otaya ziphaso ndi ofuna ganyu, ndipo china chimene anali nacho pa dziko lino kupatula chipinda chimenecho panalibe. Namlongoti anayeza makinawo kutsogolo ndi kumbuyo. Anali aukhondo. Mafunde awo ankayenda pakati penipeni pa msewu wawo, osatayikira kumbali.

Aphunzitsi ankamuyang'ana manja ali kumbuyo.

"Mwana wanga," anatero, "ngati ndine amene ndikupha odwala, musadikire Lachisanu. Dulani lero."

"Sindinaone, bambo," anayankha iye, uku akukulunga mawaya ake.

Kuofesi anakanena zomwezo, ndipo Achidindo anagwira mutu. Anati nkhaniyi yafika kumwamba, anthu akufuna kuona kuti ofesi ikugwira ntchito, ndipo ngati Aphunzitsi ndi osalakwa adzadandaule pambuyo. Namlongoti anati wailesi yotsekedwa chifukwa chosokoneza ambulansi sidzukanso, aliyense akudziwa zimenezo. Kenako anapempha makina atsopano.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima ine. Makina atsopano analipo, abale. Anabwera chaka chathacho, ndipo chibwerere ankangogona m'kabati ya bwana ali m'pepala lawo la pulasitiki. Kukabwera alendo ankawatulutsa, kuwayatsa, alendo n'kugwedeza mitu, n'kuwabwezeranso. Kiyi wake anali palamba wa Achidindo. Ati ndi odula, akapita kunja agwa, alowa fumbi, ndiye adzayankha ndani? Pamenepo n'kuti ntchito imene inali pamaso pawo inali yoti makina akale sangaithe. Akalewo amayenda ngati mlonda wa tochi: amayambira kumapeto kuno kwa mpanda kuunika pang'onopang'ono mpaka uko, n'kubwerera kudzayambiranso, ndipo wakuba wodumpha kumbuyo kwake samuona. Atsopanowo amayang'ana mpanda wonse nthawi imodzi osaphethira. Chilichonse chimene chadutsa, ngakhale chikhale chachangu chotani, amachigwira n'kusiya mkwasa wake pasikirini kuti munthu auone.

Achidindo anakana. Namlongoti anatulutsa pulayazi yake m'thumba, naiika patebulo pamwamba pa mapepala awo.

"Ndiye Lachisanulo mukadule nokha, bwana. Waya wake uli pamwamba pa mlongoti. Kapena mutume anyamata aja, ngati mawondo awo anapola."

Anayang'anana. Bwanayo anawerenga m'mutu amuna onse a mu ofesimo, ndi matenda awo, kenako anamasula kiyi palamba. Anamuuza kuti makinawo akangokalika ngakhale pakona, asadzabwerenso. Ndipo Lachisanu ndi Lachisanu, apeze asapeze.

Namlongoti anakaima ndi dalaivala wa ofesi pafupi ndi kumene ambulansi zimagona. Dalaivalayo anali bambo wonenepa wokonda nthabwala, amene anayenda naye zaka zambiri ndipo ankamutcha achemwali. Pasikirini mitundu inkatsika pang'onopang'ono ngati madzi pakhoma: pamene palibe kanthu pabuluu, pamene pali mafunde pachikasu ndi pofiira. Wailesi ya Aphunzitsi inali mzere wonenepa wowongoka, utaima malo ake osasuntha. Msewu wa ambulansi unali mbee. M'mawa wonse sikunachitike kanthu, ndipo dalaivala anati makina odulawa nawonso aphunzira ntchito ya boma.

Dzuwa litafika pamutu, malata a nyumba atayamba kulira ndi kutentha, kamphepo kanadzuka. Pomwepo Namlongoti anakaona. Kamzere kowonda, kopindikapindika, kanatulukira pamalo opanda mwini, kanayenda chammbali ngati woledzera, kanadula msewu wa ambulansi, n'kuzimirira. Munthu akanaphethira sakanakaona, koma mkwasa wake unatsala pasikirini ukutsika ndi mitundu ija. Nthawi yomweyo pawindo la a ambulansi panamveka mayi wa mauthenga uja akubwereza mokwiya dzina la msewu. Mzere wa Aphunzitsi sunagwedezeke n'komwe.

Namlongoti anamva kukoma mumtima, kukoma kwa munthu amene anakana yekha pagulu ndiye zamuvomereza. Kayendedwe kameneko ankakadziwanso. Wailesi youlutsa mawu siyendayenda. Choyendayenda chotero chimakhala busita, kabokosi kamene amamangirira pa eriyo ya TV kuti zithunzi zizioneka bwino. Kakakalamba n'kulowa madzi, kamasiya kungolandira mafunde n'kuyamba kutulutsa ake, ndipo amasuntha ndi kutentha ndi mphepo. Mwini wake sadziwa kanthu, amangoonera TV yake. Koma mabusita mumzinda ndi ochuluka ngati madenga.

Anayamba kukasaka. Anatulutsa eriyo ya m'manja, yonga chipeso chachikulu, imene imamva kwambiri mbali imene wailozetsa. Kamzere kakatuluka, iye ankazungulira nayo mpaka pamene kafiira kwambiri, n'kuloza, dalaivala n'kuyendetsa. Kakasowa ankadikira. Tsiku limenelo anathera kumsika, mawa lake anadutsa njanji, ndipo Lachinayi masana anapezeka akukwera mtunda wa kumene Namlongoti ankakhala. Dalaivala anaseka, nati achemwali akanangonena kuti akufuna kuperekezedwa kunyumba, osati kuvutitsa makina a boma. Anadutsa pa golosale pamene iye ankagula sopo, anadutsa pa sukulu ya mwana wake. Pokhota kulowa mumsewu wawo dalaivala anali atasiya kuseka.

Anatsika pageti. Analozetsa eriyo ija kwa aneba a kumanja, kamzere kanafooka. Kwa a kumanzere, chimodzimodzi. Anachita kuzungulira kawiri konse, akupempha mumtima kuti alakwitse, munthu amene sanapemphepo zotero chiyambire ntchito. Atakweza dzanja kuloza padenga la apongozi ake, sikirini inayaka moto. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti denga limenelo ankalidutsa m'mawa ndi madzulo, ndipo pa madenga onse a mumzinda ndi lokhalo limene sankaliyang'ana, chifukwa akaliyang'ana ankaona mwamuna wake ali chokhala pamwamba pake akumuseka.

Lamulo lake linali lomwe lija. Analowa pabalaza makina ali pachifuwa, napereka moni, napempha kuti ayang'ane kuseri kwa TV. Anazula pulagi ya busita, kamzere kanafa, ndipo zithunzi za pa TV zinasanduka mchenga. Anabwezera, kanadzuka. Tsopano anali ataona.

Anakhala pansi n'kuwafotokozera zonse mwaulemu: za ambulansi, za mayi uja anadikira pakhonde, za Aphunzitsi amene atsekeredwe mawa pa mlandu wosakhala wawo. Anati kabokosiko kayenera kutsika n'kupita ku ofesi, chifukwa popanda umboni wogwirika Achidindo sangasinthe mawu. Anati iye adzaika kena katsopano ndi manja ake, zithunzi zidzawala kuposa kale. Nkhalambayo inamuyang'ana kumaso, mwina koyamba chichitikire maliro.

"Ndiye mukuti mwana wanga ndi amene akupha anthu?"

"Ayi, bambo. Anaika bwino. Kangokalamba."

"Anamwalira ali ndi dzina labwino. Inu mukufuna mulitengere ku boma mulipake matope, anthu aziloza nyumba ino. Zithunzi zanuzo sindikuzifuna. Icho ndi chimene anandisiyira, ndipo chikhala pamene anachisiya."

Namlongoti anazula kachipangizo kopatsa busita magetsi, nakaponya m'chikwama chake iwo akuona. Ambulansi sizikanadikira kuti banja ligwirizane.

Madzulo dzuwa lisanalowe kunabwera alamu ake, mchemwali wamkulu wa malemuyo, ataitanidwa pafoni. Anali mayi wanzeru, wozolowera kuzimitsa moto wa m'banja, ndipo anamupeza akuanula zovala kuseri. Sanakalipe. Anamuthandiza kupinda nsalu, kenako anayala nzeru yawo bwinobwino. Kachipangizoko kazulidwa kale, si choncho? Ndiye phokoso latha. Kabokosi kakhale padenga pomwepo, kakufa, bambo aziona eriyo ya mwana wawo. Mawa Namlongoti akatseke wailesi ija monga amutumira. A ambulansi aona kuti zasiya, bwana asangalala, ndipo palibe amene adzadziwe. Dalaivala ndi munthu wake, sangaulule.

"Taganizani za mwanayu, alamu," anatero. "Sukulu ili apa. Nyumba simulipira. Aphunzitsi amenewo ndi ndani wanu?"

Ndisakunamizeni, nzeruyo inamulowa. Inali yosalala, yopanda pogwira. Anayang'ana kanyumba kake, chitseko chimene mwamuna wake anapala yekha chitayamba kukanika, msomali umene ankakolekapo chikwama cha zida. Kuchoka pamenepo kunali ngati kumuikanso m'manda kachiwiri, ndipo anachita mantha. Koma kenako anaona chimene nzeruyo ikanachita. Phokoso likanatha sabata yomweyo imene wailesi yatsekedwa, ndipo mzinda wonse ukanati, mwaona, analidi iwo. Bambo wa tayi uja akanafa ndi dzina la wopha odwala, ndipo wom'pachika dzinalo akanakhala iye, ndi pulayazi yake, akudziwa. Mantha aja anasanduka mkwiyo.

"Alamu, zaka zonsezi sindinadulepo waya ndisanaone. Ndiye ndiyambe kudula nditaona kuti si iwo?"

Alamu akewo anati kuuma mutu kumeneku n'kumene bambo amadana nako. Iye anati akudziwa, ndipo mchimwene wawo anamukwatira akukudziwa.

Lachisanu masana galimoto ya ofesi inaima pageti, Achidindo ali kutsogolo. Namlongoti anali atawauza m'mawa kuti wolakwa wapezeka, abwere adzaone okha, koma sanawauze kuti ndi kwa yani. Aneba anatuluka kudzaima m'mipanda. Iye analowa pabalaza, nabwezera kachipangizo kaja, ndipo anaimika bwanayo pabwalo makina ali m'manja. Kamphepo katadzuka kamzere kanatuluka, kanayenda chammbali, kanadula msewu wa ambulansi. Anazula, kanafa. Anabwezera, kanadzuka. Achidindo anayang'ana sikirini, anayang'ana denga, kenako anaona mwana wa Namlongoti ataima pakhomo la kanyumba ka kuseri atavala yunifolomu, ndipo anamvetsa. Ndinanena kuti sanali munthu woipa. Anatsitsa mawu, nati nkhaniyi ndi ya pabanja, atha kutuma wina kudzatsitsa kabokosiko tsiku lina.

"Mutuma ndani, bwana? Onse aja ndi odwala."

Anatsitsa makwerero pagalimoto, nawatsamiritsa kukhoma. Apongozi ake anatuluka ndi ndodo yawo, alamu ake akuwagwira mkono. Sanakuwe. Analankhula pang'onopang'ono, kuti aliyense woima kumpanda amve.

"Mukaponda denga langa, musadzagonenso pamalo anga."

Namlongoti anali atagwira kale makwerero. Anaima kaye pang'ono.

"Ndamva, bambo," anatero, n'kuyamba kukwera.

Malata ankatentha mpaka kudutsa nsapato. Anayenda potsata misomali mpaka pachitsulo cha eriyo, nagwada. Kabokosiko kanali katayera ndi dzuwa, kali ndi mng'alu mbali imodzi mmene munkalowa mvula. Koma chokamangirira sichinasunthe. Anali malegeni, ozunguliza mothinana mzere pamwamba pa mzere, kumapeto kwake atapisa pansi n'kukoka kawiri, mfundo imene iye anaiona koyamba padenga la sitolo lija n'kuitcha umbuli. Kabokosi ka m'sitolo kanali katafa, malegeni a chubu cha njinga akadagwirabe. Munthu uja anapambana mkangano wawo ali m'manda. Namlongoti anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira, analira ndithu pamwamba pa denga anthu onse akuona, osabisa nkhope.

Pulayazi inali m'thumba, koma malegeniwo sanawadule. Anapisa chikhadabo pansi pa mfundo, namasula mzere umodziumodzi mpaka onse anatha. Waya wokha ndi umene anadula. Pansi dalaivala anakweza dzanja kusonyeza kuti sikirini yayera.

Atatsika anapereka kabokosi kwa Achidindo. Bwanayo anakatembenuza, natulutsa foni kuimbira ku ofesi kuti za wailesi ija zisiyidwe. Kenako Namlongoti anapita pamene panaima apongozi ake, natambasula manja onse awiri, malegeni ali pamenepo, akadali opindika monga anakhalira pachitsulo.

"Lamulo likuti kabokosi kapite ku ofesi, bambo. Za awa silinanene. Ntchito ya mwana wanu ndi iyi, ndipo sinalakwe."

Nkhalambayo inawayang'ana nthawi yaitali. Inawatenga, n'kuwafumbata, n'kulowa m'nyumba. Mawu ake aja sinabweze, ndipo Namlongoti sanapemphe kuti ibweze.

Anasamuka Loweruka. Dalaivala anabwereka lole ya mnzake, ndipo katundu sanali wambiri: bedi, tebulo, mapoto, chikwama cha zida cha malemu. Anapeza chipinda kutsidya kwa njanji, kumene mwana adzayenera kumadzuka m'mamawa kuti afike kusukulu. Alamu ake anathandiza kunyamula nkhope itatupa. Apongozi ake sanatuluke. Mdzukulu wawo yekha ndiye analowa kukatsanzika, ndipo anakhalitsamo.

Namlongoti anadikira pabwalo pafupi ndi windo la pabalaza. TV inali yozimitsa, poti inkangoonetsa mchenga. Koma m'nyumbamo munkamveka mawu, ndipo anawazindikira. Nkhalambayo inali itatulutsa kawailesi kakale ka mabatire, ndipo siteshoni yomveka bwino kwambiri pamtundapo inali imodzi. Aphunzitsi ankalengeza, ndi mawu awo odekha a m'kalasi, kuti wina watola chiphaso pafupi ndi sitolo ya penti, mwini wake abwere adzatenge.

Mwanayo anatuluka akupukuta m'maso, nati agogo akhala pampando wawo, malegeni ali pamwendo, ndipo akuti azibwera Loweruka lililonse. Anafunsa ngati amayi nawonso azibwera. Namlongoti anamukweza palole, nakwera pambuyo pake, nakhala pamwamba pa matiresi.

"Ine anandiletsa kugona," anatero. "Kukwera sanandiletse. Lolemba ndibwera ndi busita yatsopano, ndipo ndidzamanga ndi malegeni."